Ngwazi Ikakalamba: Mfundo Zofunika kwa Owonera Filimu ya Logan

Anthu amene anakhamukira kukaonera filimu ya Logan mu Marichi 2017 ankadziwa kuti akukatsanzikana ndi Wolverine, munthu wa zikhadabo zachitsulo amene a Hugh Jackman anakhala akumusewera kuyambira mu 2000. Ambiri sanayembekezere kuti atulukamo maso ali psuu. Mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa anatizolowetsa phokoso, nyumba zitalizitali zikugumuka ndi nthabwala zoponyedwa nkhondo ili m'kati. Umasangalala, koma pofika kunyumba waiwala. Iyi inabwera ndi bambo wotopa, nkhalamba yodwala ndi kamtsikana kosalankhula, atatuwo ali m'galimoto kuthawa adani.

Filimuyi inadya ndalama pafupifupi madola 97 miliyoni n'kubweza zoposa madola 600 miliyoni padziko lonse. Mu 2018 olemba ake, a Scott Frank, a James Mangold ndi a Michael Green, analowa m'gulu la opikisana pa mphoto ya Oscar ya kalembedwe ka nkhani, zomwe zinali zisanachitikepo kwa filimu ya ngwazi yoseweredwa ndi anthu enieni. Komabe chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi zimene owonera ankanena potuluka. Ena ankalira, ena anakwiya, ena ankadandaula kuti analipira kuti asangalale koma apatsidwa maliro. Onsewa ali ndi chotiphunzitsa. Amene simunaionere dziwiranitu kuti ndiulula mathero ake.

1. Mphamvu imatha, ndipo kubisa sikuibweza.

Nkhaniyi ikuchitika mu 2029. Kwa zaka 25 sikunabadwenso mwana wokhala ndi mphamvu zachilendo, amene m'mafilimuwa amatchedwa ma mutant. Logan, amene ndiye Wolverine, uja bala lake linkapola anthu akuyang'ana, tsopano ndi dalaivala wa galimoto yahayala ku El Paso, m'chigawo cha Texas. Amanyamula achinyamata oledzera usiku ndi anamfedwa masana. Akutsimphina, akutsokomola, ndevu zachita imvi, botolo silichoka m'thumba la jekete. Chitsulo cha adamantium chimene anamumata m'mafupa, chomwe chinamuchititsa kukhala wosagonjetseka, ndicho chikumudya m'kati. Pena chikhadabo chimodzi chikukanirira panjira, iye n'kuchikoka ndi dzanja linalo, mafinya akutuluka m'mfundo za zala. Kuti awerenge uthenga pafoni akufunika magalasi.

Magalasi amenewo anawakhudza anthu kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 pamene filimu yoyamba ya X-Men inatuluka anali atakwanitsa zaka 32 mu 2017. Bambo ake amene anamuperekeza kukanema nthawi imeneyo anali atayamba kuyenda mowerama. Poona Logan akufinya maso pafoni, iye ankaona bambo akewo, komanso ankadziona yekha mawa.

Chimene ndikufuna tichione n'chakuti Logan akubisa. Mnzake Caliban akamufunsa za thanzi lake, amamukalipira. M'thumba amasunga chipolopolo chimodzi cha adamantium, chokhacho chimene chingamuphe, osauza munthu aliyense maganizo ake. Abambo ambiri ali chomwecho: amadwala mwakachetechete, amakana chipatala, amamwera ululu m'botolo, poopa kuti akavomereza kufooka ulemu wawo utha. Apabanja amadzadziwa madzi atafika kale m'khosi. Logan anapirira, inde, koma kubisa kwake kunazunza amene ankamukonda.

2. Kusamalira wokalamba ndi ntchito yolemetsa, ndipo woigwira asasiyidwe yekha.

Apa ndi pamene panagona mtima wa filimuyi. A Charles Xavier, amene amaseweredwa ndi a Patrick Stewart, anali mphunzitsi wamkulu, munthu wa ubongo wamphamvu kuposa onse, amene anatola Logan ali wosochera n'kumupatsa pokhala. Tsopano apitirira zaka 90, ubongo ukuwonongeka. Akusungidwa m'thanki yaikulu yamadzi yomwe inagwa pafakitale yakale yosungunulira zitsulo kumpoto kwa Mexico. Akazungulira panjinga yawo ya olumala amabwebweta zosamveka, ndipo pena samuzindikira Logan. Matenda akawagwira ngati khunyu, mphamvu ya ubongo wawo imaumitsa aliyense amene ali pafupi, moti atapanda kubayidwa jakisoni msanga anthu akhoza kufa.

Taonani zimene ngwazi ija ikuchita tsiku ndi tsiku. Imagula mapiritsi mozemba kuseri kwa chipatala, ndalama zosakwana. Imawamwetsa a Charles, kenako n'kuwauza kuti ayasame kuti ione ngati amezadi, iwo n'kutulutsa lilime mwaukali ngati mwana. Paulendo atayima pamalo omwetsera mafuta, Logan akuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, akuwakhazika, iwo akudandaula kuti sangathe kudzithandiza wina akuwayang'ana, iye n'kutembenuza nkhope. Usiku wina akuwanyamula m'manja kukwera nawo masitepe kukawagoneka. Ndipo mphoto yake? A Charles amamuuza maso ndi maso kuti ndi munthu wokhumudwitsa, amati akungodikira kuti iwo afe.

Ambiri mwa amene analira kwambiri anali anthu amene anasamalirapo kholo lodwala matenda oiwalaiwala. Iwo anazindikira chilichonse: kukangana pa mankhwala, manyazi a kuchimbudzi, mawu opweteka ochokera kwa munthu amene ukumutsukira zovala. Anazindikiranso ukali wa Logan, pakuti iye si wosamalira wofatsa ayi. Amatukwana, amakalipa, amamenyetsa chitseko. Koma m'mawa amadzukanso kukafuna ndalama ya mapiritsi, akusunga pang'onopang'ono kuti adzagule boti, akakhale nawo pakati pa nyanja kumene sangavulaze munthu. Ine ndikuona kuti filimuyi inawachitira chifundo anthu oterewa powaonetsa kuti kutopa ndi kupsa mtima sikutanthauza kuti chikondi chatha. Wosamalira wodwala amadziimba mlandu pa mawu alionse aukali amene anatuluka pakamwa pake usiku. Afunika womuuza kuti ndi munthu, ndipo afunikanso womulandira ntchito.

Pamenepa nkhaniyi ikutikhudza ifenso kwathu kuno. Gogo akayamba kuiwala mayina a ana ake, kuyankhula zosalunjika, kapena akapezeka m'mamawa atasochera pakhomo la eni, mawu ofulumira kumveka ndi akuti ndi mfiti. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa atanamiziridwa ufiti mphenzi itapha mtsikana. A Charles a m'filimu anali oopsa zenizeni, ubongo wawo unkatha kupha, koma Logan sanawataye. Agogo athu sangaphe munthu ndi kuiwala kwawo. Ndi matenda a ubongo basi, ofunika chipatala ndi chipiriro. Ngati m'banja mwanu muli amene akusamalira gogo yekhayekha, pitani mukamulandire ngakhale usiku umodzi kuti agoneko tulo.

3. Pali choonadi chimene timabisa chifukwa cha chikondi, koma mwini wake amadzachipeza.

Filimuyi siionetsa chimene chinathetsa gulu la X-Men, la a Charles ndi ophunzira awo. Timangomva pawailesi ya m'galimoto kuti ku Westchester, kumene kunali sukulu ya a Charles, kunachitika ngozi imene inavulaza anthu ambiri ndi kupha ena mwa ma mutant. Logan akuthimitsa wailesiyo msanga. Anawapha ndi a Charles eni ake, matenda atawagwira, ndipo iwo sakukumbukira.

Owonera anagawikana pamenepa. Ena anati Logan anachita bwino, pakuti kuuza nkhalamba yodwala kuti inapha ana ake a sukulu n'kuipha kawiri. Ena anati anawalanda ufulu wolira maliro awo. Ine ndili kumbali ya Logan, koma mtima sukhazikika, chifukwa usiku wawo womaliza a Charles anakumbukira okha. Ali gone chofulatira, anaulula kuti akudziwa chimene anachita, ndi kuti sakuyenera chisangalalo chimene anali nacho madzulo amenewo. Ankaganiza kuti akulankhula ndi Logan, pamene woima kumbuyo kwawo anali mdani. Akanakhala kuti anakambirana kale, mawu amenewa akanagwera m'khutu la munthu wowakhululukira. Tikamabisira wodwala nkhani yowawa, tizikhala pafupi, kuti tsiku limene adzaizindikire asadzakhale yekha.

4. Magazi si zoseweretsa, ndipo si filimu iliyonse ya ngwazi imene ili ya ana.

Dandaulo lalikulu linali la nkhanza. Ku America filimuyi inaikidwa m'gulu la R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa popanda kholo kapena womuyang'anira. Ku Britain anati ndi ya azaka 15 kupita m'tsogolo. Ku China anaidula mphindi pafupifupi 14 n'kuikapo chenjezo kwa makolo. Ngakhale zinali choncho, makolo ena anatenga ana aang'ono chifukwa chongomva dzina la Wolverine, ndipo anadzidzimuka kuona kamtsikana ka zaka 11 kakugubuduza mutu wa munthu pansi.

Njira inali itatsegulidwa ndi filimu ya Deadpool mu 2016, imene inaonetsa eni ndalama kuti filimu ya ngwazi ya akuluakulu okhaokha ikhoza kupindulitsa. A Mangold, amene anatsogolera Logan, anafotokozapo kuti gulu la R analifuna makamaka kuti asakakamizidwe kupanga filimu yokomera ana, kuti anthu a m'nkhaniyo athe kukhala pansi n'kukambirana nthawi yaitali zinthu za akuluakulu.

Mbali ina ndikugwirizana nawo. M'mafilimu akale zikhadabo zija zinkalowa m'mimba mwa munthu n'kutuluka zoyera, ngati kubaya mnzako ndi masewera. Limenelo ndi bodza loopsa kuposa magazi. Logan inaonetsa kuti kupha n'konyansa ndipo kumatsalira mwa wakuphayo. Kamtsikana kaja katamuuza kuti anthu amene kanawavulaza anali oipa, Logan anakayankha kuti ngakhale zili choncho, kadzayenera kukhala ndi katundu ameneyo moyo wake wonse. Mfundo yomweyi ikumvekanso m'filimu yakale ya Shane ya mu 1953, imene a Charles akuonera ndi mwanayo muhotela ku Oklahoma City.

Koma pali chimene chimandisautsa. Muhotela momwemo, a Charles atagwidwa ndi matenda aja, adani onse aumiratu osatha kusuntha, ndipo Logan akuwabaya m'mutu mmodzimmodzi. Pamenepa owonera ena ankakuwa mokondwa. Filimu ikhoza kunena kuti kupha n'koipa, koma mtima wa owonera n'kumakondwerabe nako. Aliyense adzifunse yekha chimene anasangalala nacho pamenepo. Ndipo eni malo oonetsera mavidiyo m'misika ndi m'makwalala mwathu, kumene ana amadzaza mabenchi akaweruka kusukulu, adziwe kuti filimu iyi si ya anawo.

5. Chifundo cha ena tisachilandire mosaganizira mtengo wake.

Pamsewu waukulu, Logan ndi anzake akuthandiza banja la alimi, a Will Munson, mkazi wawo Kathryn ndi mwana wawo Nate, kusonkhanitsa mahatchi amene anabalalika. Banjalo likuwaitanira kuchakudya chamadzulo. Logan akufuna kukana, pakuti akudziwa kuti akusakidwa, koma a Charles akuvomera msanga. Patebulo akuseka, akupemphera, Logan akuwatchula a Charles kuti ndi bambo ake. Ndi mphindi zokoma kuposa zonse m'filimuyi. Kusanache, banja lonse laphedwa ndi X-24, chilombo chopangidwa kuchokera m'magazi a Logan, chofanana naye nkhope koma chopanda chisoni. A Munson asanatsirizike akuloza mfuti kwa Logan yemwe, koma zipolopolo zatha.

Owonera ambiri anakwiya ndi imfa zimenezi, ndipo ena anafunsa chifukwa chake banja la anthu akuda, labwino chotero, linabweretsedwa kuti lingophedwa. Funsolo ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma mfuti ya a Munson ikunena zoona: alendo aja anadziwa kuti akutsatidwa ndi imfa, ndipo sanamuuze mwini nyumba. A Charles ankalakalaka Logan atalawako moyo wa pabanja, cholinga chabwino ndithu, koma analipira ndi anthu amene sanafunsidwe. Munthu ukakhala ndi mavuto amene angagwere wokulandira, kaya ndi ngongole, mlandu kapena adani, muuze asanakuyalire mphasa.

6. Mwana si katundu wa munthu.

Laura, kamtsikana kaja, amene anaseweredwa ndi Dafne Keen, anabadwira m'nyumba yofufuzira ya kampani ya Transigen ku Mexico City. Kampaniyo inkabereketsa atsikana osauka pogwiritsa ntchito mbewu ya ma mutant kuti ipeze ana oti adzakhale zida zankhondo. Anamwino ankaletsedwa ngakhale kuwakondwerera tsiku lobadwa. Itapeza chida china chomvera bwino, X-24 uja, inalamula kuti anawo aphedwe. Amene anawathawitsa ndi anamwino, ndipo mmodzi wa iwo, Gabriela, anafa akuyesetsa kupereka Laura m'manja mwa Logan.

Owonera anamukonda Laura chifukwa cha ukali wake, ndipo anadabwa naye pamodzi ndi Logan pamene anayamba kulankhula Chisipanishi chothamanga atakhala chete kupitirira theka la filimu. Koma ine ndikufuna tikumbukire Gabriela, amene sankatchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana za filimuyi. Analibe zikhadabo, bala lake silinkapola lokha, ndipo mwanayo sanali wake. Anangokana kumvera lamulo loipa la abwana ake. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'nkhani yodzaza ndi anthu amphamvu, amene anayamba kuchita zimenezi ndi namwino wamba. Logan, amene magazi ake ndi amene ali mwa Laura, anayesa kangapo kumusiya, ndipo poyamba anavomera ulendowo chifukwa cha ndalama, madola 50,000. Ubambo anachita kuuphunzira panjira, mochedwa.

7. Tisamanyoze nthano zimene zikuyendetsa ana.

Laura ali ndi mabuku azithunzi a X-Men, ndipo malo amene akuthawirako, otchedwa Eden ku North Dakota, manambala ake anatengedwa m'buku loterolo. Logan atazindikira akupsa mtima, akuti zolembedwamo zambiri n'zabodza ndipo kumeneko kulibe kanthu. Atafika akupeza anawo alipodi, pakuti onse anakhulupirira manambala omwewo n'kukumana pamenepo, kukonzekera kuwoloka malire kulowa m'dziko la Canada. Okonda mabuku amenewa, amene kwa zaka zambiri ankauzidwa kuti akuwerenga zachibwana, anasangalala kwambiri ndi mbali imeneyi. Mwana akakuuzani maloto ake, musathamangire kumuonetsa kuti n'zosatheka.

8. Wakufa alire, ndipo nkhani ikatha ithe.

Pali maliro awiri m'filimuyi. Poika a Charles m'mphepete mwa madzi, Logan akuyesa kulankhula koma mawu akukanika. Akungotchula kuti pamalopo pali madzi, pokumbukira boti lija limene sanagule. Kenako akutenga fosholo n'kuyamba kuphwanya galimoto yokana kulira mpaka kugwa pansi. Aliyense amene anaikapo kholo amadziwa kuti chisoni sichibwera mwadongosolo. Wina amalira, wina amakalipira anthu pa nkhani ya mbale, ndipo tisamaweruze namfedwa ndi mmene waonekera pamanda.

Maliro achiwiri ndi a Logan mwini. Wafa akuteteza ana aja m'nkhalango, atalangiza Laura kuti asakhale chimene anamupangira, mwanayo akumuitana kuti bambo kwa nthawi yoyamba. Anawo akumukwirira ndi miyala. Laura akuzula mtanda wa timitengo n'kuupendeketsa kuti ukhale chilembo cha X. Pamenepo filimu yatha. Anthu anakhalabe pamipando kudikira kachigawo kamene mafilimu a ngwazi amaika mayina akatha, kolonjeza kuti nkhani ipitirira, koma kunalibe.

A Patrick Stewart anasimbapo kuti pamene filimuyi inkaonetsedwa koyamba ku Berlin mu Febuluwale 2017, anakhala moyandikana ndi a Jackman, ndipo chakumapeto onse awiri ankapukuta misozi atagwirana dzanja. Anati pomwepo anaona kuti sipangakhale njira ina yabwino yotsanzikirana ndi Charles Xavier kuposa imeneyi. Owonera anamvanso chimodzimodzi. Analira chifukwa anakhulupirira kuti imfayo ndi yeniyeni, kuti kutsanzikanako n'koona.

Koma a Stewart anabwereranso ngati Xavier mu 2022, m'filimu ya Doctor Strange in the Multiverse of Madness, ndipo a Jackman anabwerera mu 2024 mu Deadpool & Wolverine. Opanga anafotokoza kuti ameneyu ndi Wolverine wa dziko lina, ndipo Logan wa mu 2017 adakali wakufa. Komabe filimu ya mu 2024 imayamba ndi Deadpool akufukula manda omwe aja, n'kugwiritsa ntchito mafupa a Logan pomenyera adani, anthu akuseka. Inapeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni, ndipo ambiri anaikonda. Ena, makamaka amene analirira makolo awo kudzera mwa Logan ndi a Charles, anamva ngati misozi yawo yasanduka malonda.

Sindikuwadzudzula amene anaseka, ndipo osewerawo ali ndi ufulu wogwira ntchito yawo. Koma anthu anapatsidwa maliro, anakhulupirira, analira ndi mtima wonse, ndipo patangotha zaka 7 anaitanidwanso kudzaseka pamanda omwewo chifukwa munali ndalama. Ine ndili kumbali ya amene anadandaula. Manda aja akanawasiya.